Achimwene a Mustang ya 1990, injini ya Chevrolet ilowa, koma musayambire pa injini

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwagula Mustang LX ya 1990 kuno ku Indiana, ya kainjini kaja ka malita 2.3 komwe kananoka kale, ndipo mukufuna kuikamo injini ya malita 5.3 ya Chevrolet yochokera ku sikirapu, ntchito yonse mugwirire m'garaja ya kunyumba kwanu. Mukufunsa ngati n'zotheka komanso poyambira pake. N'zotheka ndithu. Ine ndinachitapo pa galimoto ya mtundu womwewu ndipo ikuyenda mpaka lero. Koma ndinayambira kolakwika, ndiye ndisakubisireni.

Galimoto mwasankha bwino. Ma Mustang a 1979 mpaka 1993, omwe eni ake kuno amawatcha Fox body, ndi opepuka, malo a injini ndi otakasuka, ndipo zitsulo zomangira injini ya Chevrolet m'menemo zimagulitsidwa zopangiratu. Ikanakhala Cobra ya 1993 kapena GT yosamalika ndikanati musaikhudze, chifukwa zimenezo mtengo wake uli pa kukhala momwe zinatulukira kufakitale. Koma LX ya masilinda anayi yakufa injini palibe amene angaililire. Okonda Ford enieni adzakunyogodolani mukatsegula boneti, zimenezo muzolowere.

Vuto lili apa. Kainjini kanu kankatulutsa 88 hp basi (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini), ndipo zonse za pansi pa galimotoyo anazipangira mphamvu imeneyo. 5.3 ya m'mathiraki a Chevrolet monga Silverado, Tahoe ndi Suburban a zaka za 1999 mpaka 2004 imatulutsa pakati pa 270 ndi 295 hp osaigwira kalikonse, kuposa ngakhale 5.0 ya Mustang ya zaka zimenezo yomwe inali ya 225 hp. Walira mvula walira matope. Injini ya ku sikirapu ndi yotchipa kuposa china chilichonse pa ntchitoyi. Ndalama zimathera pa zinthu zoizungulira, ndipo n'chifukwa chake magalimoto ambiri otere amathera m'garaja atafunda tenti, mwini wake akungoti "ndimaliza chilimwe chikubwerachi" zaka zitatu.

Ndiye yambirani kumbuyo. Difu yanu ndi ya mainchesi 7.5, ndipo siingapirire. Funani ya 8.8 yochokera mu Mustang ya V8 ya 1986 mpaka 1993, imeneyo imangolowa ndi mabawuti omwewo. Ena adzakuuzani za 8.8 ya Ford Explorer kuti ndi yolimba, n'zoona, koma ndi yotalika ndipo imafuna kudula ndi kuwotcherera, si ntchito ya munthu woyamba kumene. Kenako mabuleki. A 2.3 ndi aang'ono kwambiri. Ambiri amatenga a Mustang ya 1994 kapena 1995, ndipo mukatero marimu amasinthanso kukhala a mabawuti asanu m'malo mwa anayi. Chinanso, galimotozi zilibe chesesi chotalika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, thupi lake limapindika mukaliika mphamvu. Pali zitsulo ziwiri zomwe amawotcherera pansi kulumikiza kutsogolo ndi kumbuyo. Zimenezo perekani kwa wodziwa kuwotcherera, ndipo awotcherere galimoto itaima pa matayala ake, osati italendewera pa jeke.

Mukamaliza izi ndiye mukasake injini. Ine ndingakuuzeni kuti musagule injini yokha ili pa mphasa ya matabwa. Gulani galimoto yonse yochita ngozi kumbuyo kapena yodyeka ndi dzimbiri (mchere wa m'misewu ya kuno umatipatsa zambiri zotere), muilize nokha, muimve kulira kwake, muone geji ya oilo itatentha. Mukatero mwapeza injini, giyabokosi, kompyuta, mawaya onse, masensa ndi pedulo zonse zodziwana kale. Zotsala mugulitsa n'kubwezako kangachepe. Ikhale yokoka ndi matayala akumbuyo okha, chifukwa giyabokosi ya yokoka anayi kumapeto kwake n'kosiyana ndipo idzakuvutitsani pachabe.

Pa zaka, ine ndimakonda za 1999 mpaka 2002. Zambiri mwa zimenezo faya wake amakokedwa ndi kebulo wamba, pomwe kuyambira 2003 zambiri ndi zamagetsi, zofuna pedulo yake ndi kabokosi kake. Za 2007 kupita mtsogolo zambiri zili ndi njira ija yozimitsa masilinda anayi pofuna kupulumutsa petulo, ndipo malifita ake, tizitsulo tothandiza kutsegula mavavu, ndi odziwika ndi kufa. Komanso injini zakale ndi zatsopanozi zimawerenga kuzungulira kwa kirankishafuti mosiyana, kagudumu kowerengera ka zakale kali ndi mano 24, ka zatsopano mano 58, moti kompyuta ya ina siingalize inzake. Apa ndi pomwe anthu otolera zida uku ndi uku amagwa.

Kwathu kuja timadziwa momwe amakaniko a pansi pa mtengo amachitira: tcheni ku nthambi, injini ya dizilo ya Toyota mu Land Rover, mawaya atatu, madzulo galimoto yalira. Luso limenelo ndi lenileni, koma pano pali kompyuta. Ya Chevrolet ili ndi chotetezera akuba. Ikaona kuti si galimoto yake, imalira masekondi awiri n'kuzima. Muyenera kuitumiza kwa odziwa kuti achichotse, ndipo muwauze giyabokosi yomwe mugwiritse ntchito, kukula kwa matayala ndi magiya a mu difu. Mawaya mungathe kuwapungula nokha patebulo usiku ungapo muli ndi chithunzi chake, kapena kugula opangiratu. Ngati simunagwirepo magetsi a galimoto, gulani opangiratu, mutu usakupwetekeni.

Zomwe sizikwana zili zingapo. Sampu, mbale ya oilo ya pansi pa injini, ya m'mathiraki ndi yakuya, imalendewera pansi kwambiri. Ambiri amaika ya Camaro ya 1998 mpaka 2002 kapena zopangira ntchito yomweyi. Pamwamba, manifodi ya mpweya ndi olitaneta ndi zazitali, boneti yanu siitseka. Mwina mugule boneti yotukuka pakati, mwina manifodi yaifupi ya LS1, injini ya mu Camaro ija, koma imeneyo imakoka zosintha zinanso kutsogolo kwa injini. Ine ndinasankha boneti, zinatha msanga. Mtanda wa pansi womwe injini imakhalapo, gulani wa mapaipi wopangiratu pamodzi ndi zomangira zake ndi mapaipi a ekizozi kwa wopanga mmodzi. Mukasakaniza za opanga atatu, ekizozi idzakhudza shafuti ya chiwongolero ndipo mudzayamba kuphwanya chitsulo chatsopano ndi hamala mukutukwana.

Ndikuuzeni cholakwa changa. Posintha sampu pamafunika kusinthanso paipi yokokera oilo, ndipo pomwe imalowera mu pampu pali kalabala kozungulira. Ine ndinakapana pomanga osadziwa. Injini inalowa, inalira bwino, ndinaitana ndi mayi a kunyumba kuti adzaone, koma geji ya oilo inali pansi ndipo malifita anayamba kugogoda. Ndinachita kukwezanso injini yonse chifukwa cha kalabala kotchipa kuposa botolo la zakumwa. Kagule katsopano, ka saizi yoyenera paipi yanu, kapake oilo, kalowetseni mofatsa. Injini ikadali panja sinthaninso masilo a kutsogolo ndi kumbuyo, masensa awiri aja a pansi pa manifodi omwe amalowa madzi n'kuchita dzimbiri, ndipo yang'anani mabawuti a ekizozi oduka m'mahedi. Pafupifupi injini iliyonse ya mtunduwu imakhala nawo, ndipo kuwachotsa injini ili kale m'galimoto ndi chilango.

Injini ya 5.3 imafuna petulo wokankhidwa ndi mphamvu ya 58 psi (muyeso wa pulesha), pomwe Mustang yanu inkayendera pafupifupi 39. Pampu ya m'thanki musinthe, ya malita 255 pa ola imakwanira, ndipo mapaipi akhale opangira mphamvu imeneyo. Chozimira moto chikhale pafupi tsiku loliza koyamba. Pamwamba pa mahedi palinso timapaipi totulutsa mpweya wa m'madzi; musatitseke, tilumikizeni ku redieta, apo ayi injini izitentha osadziwa chifukwa chake.

Giyabokosi ya otomatiki ya 4L60E yobwera ndi injiniyo imakwanira ngati simuwonjezera mphamvu. Ya manuwelo ya 2.3 iwalani. Ya manuwelo yotchedwa T56, ya magiya asanu ndi limodzi, ndi yokoma koma nthawi zambiri imadula kuposa injini. Shafuti yopita ku difu muyezetse pomaliza, zonse zitakhala m'malo mwake. Sipidomita yanu ndi ya kebulo pomwe 4L60E imatumiza zamagetsi, ndiye siigwira mpaka mutaika chosinthira.

Za malamulo: ku Indiana amayeza utsi ku Lake County ndi Porter County kokha, koma lamulo la dziko lonse limaletsa kuchotsa zosefera utsi pa galimoto yoyenda mumsewu, ndiye ziikeni. Mukadzasamukira ku California nkhani ndi ina, kumeneko galimoto yosintha injini imakayenderedwa mwapadera. A inshuwalansi nawonso muwauze, asadzakane kulipira zitachitika.

Ngati mtima wanu suli pa Chevrolet penipeni, ilipo njira yaifupi: 5.0 ya mu Explorer ya 1996 mpaka 2001. Ndi ya Ford yomweyo, mahedi ake ndi abwino kuposa a Mustang, ndipo zida zambiri za Fox body ya V8 zimangogwirizana nayo. Imatha mphamvu msanga mukafuna kudzaika tabo mtsogolo, pomwe 5.3 ya chitsulo imapirira kwambiri. Koma difu, mabuleki ndi petulo ndi ntchito yomweyo mbali zonse.

Musanagule kalikonse, lowani pansi pa galimoto ndi tochi, itakhala pa zoimikira zachitsulo osati jeke yokha. Yang'anani pomwe mashoko akutsogolo amagwira, pansi pa mapazi, ndi pomwe mikono ya difu imamangidwa. Mukapeza dzimbiri lobowoka ndi sikuludilaiva, jambulani mutitumizire tione kaye ngati thupilo n'loyenera kuwonongerapo ndalama. Chokwezera injini musagule, changa chikungokhala, mudzabwereke.