Si masiku 20 ayi, ndi 19.3: funso la Iodine-131

Mng'ono wanga wa ku Chibavi, wafunsa kuti Iodine-131, chinthu chotulutsa radiation, ali ndi half-life (nthawi imene theka la chinthucho limathera) ya masiku 8, mwayamba ndi magalamu 80, kodi adzatsala magalamu 15 patapita masiku angati, ndipo n'chifukwa chiyani aphunzitsi akana yankho lako la masiku 20. Aphunzitsiwo akunena zoona.

Ndaona kumene 20 wakoyo wachokera. Wagawa pakati: 40 pa masiku 8, 20 pa masiku 16, 10 pa masiku 24. Poona kuti 15 ali pakatikati pa 20 ndi 10, waganiza kuti masikunso akhala pakatikati pa 16 ndi 24. Apo ndiye palakwika. Zinthu za radiation sizitha mofanana tsiku ndi tsiku. Zikakhala zambiri zimatha msanga, zikachepa kuthako kumachedwa, ngati malipiro amene amauluka sabata yoyamba, zotsalazo n'kumazidyera mosamala mpaka mwezi utathe. Choncho kuchoka pa 20 kufika pa 15 kumafulumira kusiyana ndi kuchoka pa 15 kufika pa 10.

Funso lenileni ndi lakuti 80 wagawidwa pakati kangati kuti afike pa 15. Kangatiko tikutcha n. Ndiye 80 ÷ 15 = 2^n, kapena kuti 5.333 = 2^n. Vuto ndi loti n wakhala m'mwamba pa pawa, ndipo sungamutsitse pogawa kapena kuchotsera. Ntchito ya log pano ndi imeneyo basi, kutsitsa pawa. Ika log mbali zonse ziwiri:

log 5.333 = n × log 2
0.7270 = n × 0.3010
n = 2.415

Masiku ndi 2.415 × 8 = 19.3. Ali pakati pa 16 ndi 24 monga umayembekezera, koma sanafike pa 20.

Ine ndimakonda kuika chachikulu pamwamba, 80 ÷ 15, kuti ndipewe manegativu. Mabuku ambiri amalemba N = N₀ × 0.5^(t/T), pamene N ndi zotsala, N₀ ndi zoyamba nazo, t ndi nthawi yadutsa ndipo T ndi half-life, zomwe zimakupatsa −0.7270 ÷ −0.3010. Yankho ndi lomwelo, koma m'chipinda cha mayeso a MSCE mtima uli phaphapha, chizindikiro chimodzi chimasowa mosavuta.

Pamene ambiri amagwera ndi pa kalikuleta. Gawa kaye 80 ndi 15, kenako udine log. Log wa 80 ÷ 15 si chimodzimodzi ndi log 80 ÷ log 15, ndi nambala zosiyana kutalitali. Ndipo pomaliza paja, 0.7270 ndi 0.3010 umagawa, suchotsera ayi. Lamulo lochotsera lija, loti log (a ÷ b) = log a − log b, limagwira ntchito pamene kugawa kuli mkati mwa log, osati pamene malogi awiri akugawana okhaokha.

Ukadzafika ku Mzuni udzapeza akugwiritsa ntchito ln (mtundu wina wa log) ndi decay constant (nambala yosonyeza liwiro la kutha), λ = 0.693 ÷ T. Pano ndi 0.693 ÷ 8 = 0.0866, ndipo ln 5.333 = 1.674. Ukagawa 1.674 ndi 0.0866 upeza 19.3 yemweyo. Bola usasakanize log ndi ln m'funso limodzi.

Njira yomweyi ndi imene amapezera zaka za makala ndi mafupa akale. Carbon-14 ali ndi half-life ya zaka 5,730. Makala atakhala kuti atsala ndi 30 peresenti ya Carbon-14 wawo, log wa 100 ÷ 30 ndi 0.5229, kugawa ndi 0.3010 ndi 1.737, kuchulukitsa ndi 5,730 ndi zaka pafupifupi 9,950. Willard Libby analandira mphoto ya Nobel mu 1960 chifukwa cha njira imeneyi. Koma usati mafupa a Malawisaurus, dinosaur wa ku Karonga uja, anawapima chonchi. Pakadutsa zaka pafupifupi 50,000 Carbon-14 amakhala atachepetsetsa moti sapimika, pamene mafupa amenewa ndi a zaka mamiliyoni. Pa zinthu zakale choncho amadalira zochedwa kutha monga Uranium-238, wopezeka m'miyala ngati ya ku Kayelekera, yemwe half-life yake ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni.

Tsopano tayesa wekha: Iodine yemweyo, magalamu 80, atsala 30 patapita masiku angati? Ukapeza ulembe pansipa, ndipo uchotsere yankho lakolo pa 19.3 uone nambala imene ituluke.