Chithunzi chimene chinamangitsa Daumier

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti amene anajambula mfumu yamimba ikumeza ndalamayi anamangidwa. N'zoona ndithu. Anajambula ndi Honoré Daumier ku Paris mu Disembala 1831, ali ndi zaka 23. Chithunzicho chimatchedwa Gargantua, dzina la chimphona chosusuka cha m'nthano ya ku France, ndipo amene wakhala pampando m'chithunzimo ndi Louis-Philippe, mfumu ya France nthawi imeneyo.

Tachiyang'anitsitsani. Thabwa lalitali lachokera pansi mpaka m'kamwa mwa mfumu, ndipo antchito ake akukwera atabereka madengu a ndalama. Kumunsi kwa thabwalo kuli anthu owonda, ovala nsanza, akuponya timakobidi mudengu. Pambali mayi wina wangokhala pansi ndi khanda m'manja. Koma ine chimene chimandipweteka mtima chili kunsi kwa mpando. Mpandowo ndi wachimbudzi. Zimene mfumu ikutulutsa ndi zikalata za maudindo ndi ulemu, ndipo akuluakulu akuzilimbirana n'kuthamanga nazo kunyumba ya malamulo. Msonkho wa mmphawi walowa kukamwa, watulukira kwina uli mphoto ya anzake a mfumu. Nthawi imeneyotu kuti mwamuna avote ankayenera kukhala wokhoma msonkho wosachepera mafranki (ndalama ya ku France nthawiyo) 200 pachaka, ndiye ovala nsanza aja analibe ponenera.

Boma silinaseke nawo. Apolisi analanda zithunzizo, khoti n'kugamula Daumier kukakhala kundende miyezi 6 ndi kulipira chindapusa cha mafranki 500. Analowa m'ndende ya Sainte-Pélagie mu Ogasiti 1832.

Mutu wosongoka wa mfumu m'chithunzimo nawonso uli ndi nkhani yake. Charles Philipon, mwini nyuzipepala ya La Caricature kumene Daumier ankajambulira, ali pamlandu wake mu Novembala 1831 anajambula nkhope ya mfumu ikusanduka pang'onopang'ono chipatso chimene Afalansa amati poire, chowonda kumtunda chonenepa kumunsi, ngati peyala lathu lija. Posakhalitsa chipatsocho chinadzaza pamakoma a Paris, chifukwa ngakhale mwana wosadziwa kulemba dzina lake akanatha kuchijambula ndi khala.

Izi ndi zimene boma linkaopa kwenikweni. Mu Seputembala 1835 linakhazikitsa lamulo lakuti chithunzi chilichonse chiyambe chaonedwa ndi akuluakulu a boma chisanasindikizidwe. La Caricature inatsekedwa chaka chomwecho, ndipo Daumier, amene pamenepo n'kuti akujambuliranso nyuzipepala ina yotchedwa Le Charivari, anasiya kaye mfumu n'kutembenukira kwa maloya, mbava zamalonda ndi anthu achuma a mumzinda.