Mukufuna kulowa kasitomu? Ndiyambe ndakuuzani za atsibweni anga

Imelo yachokera ku Katete. Mtsikana wamaliza maphunziro a akaunti, akufunsa ngati alowe kasitomu, ntchito yotolera msonkho wa katundu pa boda, ku ZRA, bungwe lotolera misonkho la Zambia, ndiponso kuti munthu amakwera bwanji mpaka kukhala bwana wamkulu. Pamapeto walemba kuti, "anzanga akuti ndalama zake n'zokoma." Mawu amenewo ndi amene andilanda tulo.

Atsibweni anga anagwira kasitomu zaka zoposa 30. Analowa ikadali dipatimenti ya boma, ZRA inadzawapeza mu 1994. Anayambira pa Mwami, kenako Chanida, Nakonde, Chirundu, n'kukapumira ku Lusaka ali ndi ofesi yawoyawo. Ana awo anasintha sukulu kasanu. Akazi awo anali ndi makatoni a mbale amene sankawamasula n'komwe, amati, "timasuliranji, mawa tinyamukanso."

Ndimakumbukira zala zawo. Zinali zabuluu nthawi zonse ndi inki ya chidindo, ngakhale podya nsima.

Chaka china msuweni wathu anabwera ndi filiji ndi mabelo awiri a zitenje kuchokera ku Lilongwe. Anafika pa boda akuseka, poti atsibweni ali pomwepo. Iwo anamulembera msonkho wonse monga mlendo. Pamaliro otsatira kumudzi palibe amene anawasendezera mpando. Agogo anawanena poyera kuti anaiwala kumene kunagwera mchombo wawo. Patapita zaka m'pamene tinamva kuti theka la msonkho uja analipira okha, m'thumba mwawo, osauza munthu.

Ndinene mosapsatira. Ife timalalata za katangale pa Facebook m'mawa, madzulo tikuimbira mbale wathu wa pa boda kuti atiwolotsere galimoto. Ozembetsa katundu savuta kwenikweni, amadziwika. Ovuta ndi azakhali anu. Ndipo aliyense wokuuzani kuti kasitomu n'njokoma sakunena za malipiro a pamwezi, inunso mukudziwa.

Zimandiwawanso kuona amayi akulipira anyamata a njinga kuti adutse njira za zalewa, zozemba boda, usiku, pamene pali dongosolo la COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa) lopeputsira amalonda ang'onoang'ono, la katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pamndandanda wogwirizana. Ambiri sanauzidwepo. Boda ya Mwami ndi Mchinji anaiphatikiza mu December 2022, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera atabwera kudzatsegula, moti tsopano umaima kamodzi kokha. Atsibweni atapita kukaona nyumba zatsopanozo anangopukusa mutu, amvekere, "ife tinkalemba ndi kaboni pepa, nyali ya parafini ili pambali."

Tsono yankho lanu, mwanawe

Lembani kalata akalengeza malo, akaunti yanuyo ikuthandizani. Phunzirani ASYCUDA World, pulogalamu ya pakompyuta yolembetsera katundu pa boda, ndi manambala a HS oikira katundu m'magulu, chifukwa mikangano yambiri ndi maejenti owombola katundu imakhala pa gulu la katundu ndi mtengo wake weniweni. Mukatumizidwa ku Lusuntha kapena Kasumbalesa pitani, okwera ndi amene anazungulira maboda, fayilo yawo ili yoyera. Achibale auzeni mwezi woyamba kuti simudzawakhululukira msonkho, asanagule filiji.

Atsibweni pano ali kufamu kwawo njira ya ku Chadiza, akulima nshawa. Sabata yatha ndinawagulira feteleza matumba awiri. Asanandipatse moni anatambasula dzanja: "Risiti ili kuti?"