Achimwene, vomerani ukochiwo, anawo akukufunani

Achimwene, mwafunsa kuti akupemphani kuthandiza kochi wa timu ya baseball ya mwana wanu wa zaka 9 kuno ku Indiana, pomwe inu munakulira mpira wamiyendo, ndiye muyambire pati. Ine ndikuti vomerani. Makochi a Little League, bungwe la baseball ya ana, ndi anthu ongodzipereka ngati inu nomwe, ndipo zakhala choncho chiyambire 1939 pamene Carl Stotz anaiyambitsa ku Williamsport, Pennsylvania.

Choyamba kuchisamala ndi mkono wa mwana woponya mpira uja, pitcher. Chigongono ndi phewa la mwana zimakhala zisanakhwime, ndipo akamaponya mwamphamvu mobwerezabwereza zimavulala mwakachetechete. N'chifukwa chake kuyambira 2007 Little League inaika malire: wa zaka 9 kapena 10 asapitirire mipira 75 patsiku, wa zaka 11 kapena 12 asapitirire 85. Akaponya mipira 66 kapena kuposa, apume masiku 4 asanaponyenso. Pemphani kuti ntchito yowerengayi ikhale yanu, simufunika kudziwa malamulo onse kuti muigwire. Koma limbani mtima, chifukwa tsiku lina masewero adzakhala atafika pokoma, mwana akuponya bwino, makolo akukuwa kuti musiyeni amalize. Nambala ikakwana, mutulutseni ndithu. Ndipo akangogwira chigongono n'kukwinya nkhope, musadikire nambala.

Za luso, zaka zimenezi n'zowakha ndi kuponya basi. Mpira ukabwera pamwamba pa mchombo, zala za gulovu ziloze kumwamba. Ukabwera pansi, ziloze pansi, dzanja linalo lili pafupi kutsekera. Ana ambiri amaopa mpira wolimbawo, amatembenuza nkhope. Musawanyoze. Yambani ndi mpira wa tenisi, muli pafupi, muzitalikira pang'onopang'ono. Pomenya, aziyamba ndi mpira woikidwa pa tee, kamtengo koimikapo mpira, maso asachoke pa mpira. Ndipo musawaimike pamzere umodzi ana 12 kudikira bat imodzi, ndodo yomenyera mpira ija, ayamba kusewera ndi dothi. Agaweni m'timagulu ta atatu kapena anayi.

Tsono pa funso lanu lachiwiri lija, lakuti mungawaphunzitse bwanji khalidwe, apa ndi pomwe ndimawakondera masewerawa. Mu baseball katswiri weniweni, wolandira mamiliyoni, amamenya bwino katatu pa maulendo 10. Kasanu n'kawiri amabwerera chimanjamanja. Katswiri wina, Ted Williams, anafika pa .406 mu 1941, kutanthauza kanayi pa 10, ndipo mpaka lero anthu amaikambabe. Ndiye mwana wa zaka 9 adzaphonya kambirimbiri, ali yekhayekha pakati pa bwalo, anthu onse maso ali pa iye. Mu mpira wathu uja ukalakwitsa umabisala m'gulu la anzako, kuno kulibe kobisala.

Mudzamuona akubwerera atapatsidwa strike yachitatu, kutanthauza kuti walephera kumenya ndipo watuluka, bat akuikoka pansi, chipewa atachitsitsa kuti anzake asaone misozi. Zimene mudzachite m'masekondi amenewo ndiye phunziro lonse. Musayambe kumuuza kuti chigongono chinali m'munsi, zimenezo n'za Lachiwiri pokonzekera. Gwadani kuti maso anu alingane ndi ake, mufunseni mpira umene anauona bwino, kenako mupatseni gulovu yake apite akagwire malo ake, chifukwa anzake akumudalira. Akaponya chipewa pansi chifukwa cha mkwiyo, akachitole yekha, modekha, nthawi iliyonse, ngakhale atakhala katswiri wa timu kapena mwana wanu. Anawo amaonanso mmene inu mukuyankhulira ndi woyimbira masewero akalakwitsa, amene nthawi zambiri amakhala mnyamata wa kusekondale. Mukamukalipira, mawa iwo adzakalipira mphunzitsi.

Mwana wofooka musamutaye kumapeto kwa bwalo chaka chonse. Lamulo limati aliyense amenye kamodzi ndi kukhala m'bwalo mpaka adani 6 atatulutsidwa, koma amenewo ndi malire apansi chabe. Muyeseni pa second base, malo a mkati mwa bwalo, tsiku lina, muone mmene adzayendere popita kugalimoto.

Mwana wanu akadzanena kuti awa si masewero a anthu a ku Africa, muuzeni za Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulira m'kachipinda ka pabwalo la timu ya Randburg Mets komwe mayi ake ankagwira ntchito, n'kudzasewerera Pittsburgh Pirates, timu ya mu ligi yaikulu ya ku America, mu April 2017. Anamenya bwino ulendo wake woyamba womwe. Muuzeninso za ana a ku Lugazi, Uganda, amene anafika ku Williamsport mu 2012 kukasewera mumpikisano wa Little League wa dziko lonse lapansi.

Fomu ya anthu odzipereka lembani sabata ino, chifukwa amayamba afufuza mbiri yanu asanakuloleni kukhala ndi ana pabwalo. Mukafuna, ndilembereni ku inbox ndikutumizireni ndondomeko ya ola limodzi imene timatsata pokonzekera.