A Kim atatu m'sukulu imodzi

Achemwali imani kaye, musatumize kope ya pasipotiyo. Mwati wakulemberani ndi mayi Kim wa ku yunivesite ya ku South Korea, ndipo mutamufufuza pa Facebook mwapeza a dzina lomwelo osawerengeka, ndiye mukufunsa kuti weniweni ndi uti ndipo mumutchule bwanji. Ndaseka, koma kuseka kwake kowawa, chifukwa ine zimenezi zinandiliza mu 2019.

Ndinali m'chaka chachiwiri, viza yanga ya ophunzira, ya D-2, ikutha kumapeto kwa Seputembala. Sukulu inkatolera mapepala a ophunzira akunja tonse n'kukapereka pamodzi ku imigireshoni. Mnyamata wina wakwathu amene anatitsogolera kubwera ku Korea, wodzitcha mkulu wa tonsefe, anangonditumizira dzina lonse la mayi wolandira mapepalawo pa KakaoTalk, WhatsApp ya kumeneko, n'kuti "kapatseni ameneyu, akudziwa." Nyumba yake sanatchule, ofesi yake sanatchule. Ine ndinalunjika ku ofesi ya dipatimenti yathu, ndinawerenga kachikwangwani ka pa desiki m'Hangul, zilembo za Chikoreya, chala chili pa chilembo ngati mwana wa sitandade wani, dzina n'lomwelo ndithu. Ndinapereka envulopu ndi manja awiri monga amachitira kumeneko. Munali kalata ya sukulu, sitetimenti ya ku banki, pepala la lendi, chithunzi, ndi khadi langa lenilenilo la ARC, chiphaso cha anthu akunja. Mtsikana wa pa desikiyo anangoti "ne, ne", kutanthauza inde, akumwetulira, n'kuponya mu dirowa. Sabata yomweyo kunali Chuseok, chikondwerero cha zokolola, sukulu yonse inabalalika, anthu kumudzi kukadya timakeke ta mpunga totchedwa songpyeon ndi makolo awo.

Tchuthi chitatha anzanga anayamba kulandira mauthenga oti mapepala awo alandiridwa. Kwa ine zii. Ndinadikira masiku angapo poopa kuoneka wovuta, kenako ndinapita ku ofesi ya ophunzira akunja, nyumba ina, m'mwamba. Pa desiki yoyamba, kachikwangwani, zilembo zitatu zomwe zija. Koma wokhala pamenepo mayi wachikulire wa magalasi amene sindinamuonepo chibadwire. Miyendo inangoti lefu. Anayendetsa cholembera pa mndandanda kawiri, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kundiuza kuti dzina langa palibe, mapepala anapita kale, tsiku linadutsa. Ine lilime likukanika, ndikuti ndinapereka kwa inu, ndikutanthauza kwa dzina lanu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti a dzina limenelo m'sukulumo alipo atatu. Atatu abale! Ndipo kanenedwe kake ngati chitsiru ndine. Ndinatuluka n'kukakhala pa masitepe, chikwama pamiyendo, ndikulira mamina mbwee, ndikuwerengera kuti ndikawauza chiyani amayi kumudzi akadzamva kuti andibweza chifukwa cha envulopu. Mayi wina wokolopa anaimika ngolo yake, anandibweretsera khofi wotsekemera uja wa m'kakapu kapepala, anandisisita pamsana, osalankhula kanthu, n'kupitiriza ntchito.

Envulopu ndinakaipeza mu dirowa muja yosatsegula, pamwamba pake pali chingwe cha foni ndi tinyenyeswa ta bisiketi. Mtsikana uja anapepesa mpaka kuwerama kangapo, akuti ankayesa ndi za kalasi. Iyeyo ndinamukhululukira. Amene amandinyansa mpaka lero ndi mkulu wodziika yekha uja. Ndikumuimbira ndikulira, iye akuti "inunso bwanji osafunsa kuti Kim wake uti?" Munthu wakhala zaka zisanu m'dzikomo, akudziwa bwino momwe mayina alili, kulemba mzere umodzi wokha kunamulemera. Ngati ali pagulu pano adzidziwe. Ndinathamanga ndekha ku imigireshoni viza itatsala ndi masiku atatu, malo osungitsa pa intaneti atadzaza, mpaka pulofesa wanga anachita kuimba foni.

Ife timadandaula ndi a Banda ndi a Phiri, koma kumeneko ndi zina. Kalembera wa 2015 anapeza kuti a Kim okha ndi oposa 10 miliyoni, anthu 21 pa 100 alionse, a Lee pafupifupi 15, a Park 8. Mabanja atatu basi, anthu kutsala pang'ono kufika theka la dziko. Dzina la makolo limayamba, kenako dzina la munthu la timagawo tiwiri, ndipo mayinawa amayendera fasho, atsikana obadwa zaka zoyandikana amangofanana mayina.

Chaka chomwecho cha mavuto angawo, mu Juni, mtsikana wina anawina US Women's Open ya gofu ku Charleston n'kutenga madola 1 miliyoni. Dzina lake pa bolodi: Jeongeun Lee6. Nambalayo si kulakwitsa kwa kompyuta ayi. Bungwe la gofu ya amayi ku Korea, KLPGA, linali kale ndi a Lee Jeong-eun asanu, ndiye iye anapatsidwa 6, ndipo anapita nayo ku America osaichotsa. Lee5 nayenso ankasewera ku America komweko. Ndiye mayi amene anasewera ngati wantchito wa m'nyumba mu Parasite, filimu imene inawina Oscar mu 2020, nayenso ndi Lee Jung-eun, m'Hangul kalembedwe n'kamodzimodzi. Pali Kim Jung-eun wa masewero a pa TV ku South Korea, pali Kim Jung-eun wina wa basiketibolo, ndipo mukalemba mayina awo m'Hangul ndi ofanana ndendende ndi la Kim Jong-un wa ku North Korea, chifukwa dzina limenelo amapatsa anyamata ndi atsikana omwe. Tangoganizani kukhala mayi ameneyo nthawi ya nkhani za madzulo. Ku Olimpiki ya Pyeongchang mu 2018, timu ya amayi ya South Korea ya curling, masewera otsetsereketsa mwala pa ayezi aja, inatenga siliva onse asanu ali a Kim, kochi wawo Kim, pomwe apachibale anali awiri okha, Yeong-mi ndi Kyeong-ae. Anachita kudzipatsa mayina ngati Pancake ndi Steak kuti akunja asamasokonezeke.

Ndiye mwaona kuti Jeong-eun, Jung-eun ndi Jong-un ndi dzina limodzi. Zilembo zathuzi musazikhulupirire, munthu amasankha yekha kalembedwe ka pa pasipoti, wina Lee, wina Yi, wina Rhee. Eniake amasiyanitsa ndi hanja, zilembo za Chitchaina zimene zimapereka tanthauzo la dzina, komanso bon-gwan, kumene mtundu wawo unachokera, monga Kim wa ku Gimhae ndi Kim wa ku Gyeongju. Koma zimenezo pa desiki salemba, sizikuthandizani.

Chochita chanu, mufunseni dzina la ofesi yake, nyumba, nambala ya chipinda ndi foni ya pa desiki, n'kuziyerekeza ndi zimene zili pa webusayiti ya sukulu. Facebook isiyeni. Polemba musamuti Kim-ssi, kuphatika mawu aulemu akuti ssi ku dzina la makolo lokha n'chipongwe, lembani dzina lonse n'kuwonjezera seonsaengnim, mawu aulemu otanthauza aphunzitsi. Mrs Kim nayonso njokayikitsa, amayi kumeneko sasintha dzina akakwatiwa, ndipo pakati pa anansi mudzamva akuitanidwa ndi dzina la mwana, ngati ife tikamati amake uje. Komanso musachulutse mafunso, anthu a m'maofesi amenewa amakhala ndi ntchito yambiri, mukatsimikiza zimenezi ndipo imeloyo ikuthera ndi ac.kr, monga maimelo a mayunivesite a kumeneko, ingoyankhani pomwepo, mwina palibe vuto lililonse. Akwathu odzitcha akulu ngati uja musawadalire ngakhale pang'ono, ndanena ine. Mukatera pa bwalo la ndege la Incheon ndilembereni ku inbox, ndikulumikizani ndi anzanga amene adakali kumeneko akakuperekezeni ku ofesiko tsiku loyamba.