Yankho kwa mayi amene wafunsa za cadmium ndi makoswe

Achemwali, mwafunsa ngati zimene munawerenga zija, zoti cadmium, chitsulo chapoizoni, amasokoneza ubongo wa ana a makoswe akadali m'mimba, zikukhudzanso mwana amene mukuyembekezerayo, poti bambo a kunyumba amasutira m'nyumba. Ena amene amva funso lanuli akuseka kuti munthu si khoswe. Ine sindikuseka nawo.

Ofufuza amasankha makoswe chifukwa bere lake limatha masabata atatu okha, choncho zotsatira zimaoneka msanga. Akamwetsa khoswe wa bere madzi osakaniza ndi cadmium, ana ake kawirikawiri amabadwa ochepa thupi, ndipo dopamine ndi serotonin, zimene zimanyamula mauthenga mu ubongo, zimasokonekera. Akakula, ena amavutika kuphunzira ndi kukumbukira njira. Koma dziwani kuti mlingo umene amapatsa makoswewo nthawi zambiri umaposa umene munthu amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Ndiye mtima ukhale m'malo, zimenezi ndi chenjezo, sikuti mwana wanu wavulala kale.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi nsengwa, imene mwana amalandirira chakudya akadali m'mimba. Imatchingadi cadmium wambiri kuti asafike kwa mwana, koma iye amaunjikana mu nsengwamo n'kumalepheretsa mchere wa zinki kudutsa bwino, pomwe ubongo umene ukukula umadalira zinkiyo. Komanso cadmium akalowa m'thupi satuluka msanga, amakhazikika mu impso zaka 10 mpaka 30 kuti theka lake lokha lichoke. Ku Toyama m'dziko la Japan, anthu amene ankadya mpunga wothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Jinzu, oipitsidwa ndi mgodi, anadwala matenda a mafupa ndi impso otchedwa itai-itai. Ambiri anali amayi.

Kunyumba kwanuko khomo lalikulu ndi fodya. Chomera cha fodya chimayamwa cadmium m'nthaka n'kumusunga m'masamba, ndipo mapapo amamulandira mosavuta kuposa matumbo. Ndudu yogula ndi chingambwe n'chimodzimodzi. Ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno mu Juni, mawindo onse otseka, nsanza itatsekedwa pansi pa chitseko, utsi wa ndudu imodzi umagona nanu m'chipindamo. Bambowo muwauze mwaulemu koma mosapsatira kuti azikasutira panja, kutali ndi khomo. Atasiyiratu ndiye zingakome kwambiri.

China chimene ambiri sadziwa n'chakuti mayi akachepa ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) m'thupi, matumbo ake amayamwa cadmium wambiri wa m'zakudya, chifukwa ziwirizi zimalowera njira imodzi. Mapiritsi owonjezera magazi amene amapereka kusikelo aja musawaiwale m'kachikwama, ngakhale amachititsa nseru. Usipa, nyemba ndi bonongwe zisasowe pa mbale. Ngati dothi limakukokani, auzeni anamwino, chifukwa chilakolako chimenechi chimayenda limodzi ndi kuchepa kwa magazi.

Mabatire akutha musamawotchere padzala pamodzi ndi zinyalala, ena otchaja amakhala ndi cadmium. Tsiku la sikelo likakwana, pitani nawo bambowo akamve okha kwa anamwino.