Musayambe ndi pampu, yambani ndi paipi yokokera

Injiniya wina wachinyamata wandilembera imelo. Abwana ake amupatsa mapulani a mapaipi a madzi a pafakitale kuti awaunike asanagule zipangizo, ndipo akufunsa kuti: "Ndiyambire pati, poti wogulitsa wandiuza kale kuti pampuyo ndi yamphamvu mokwanira?"

Achimwene, mawu oti "yamphamvu mokwanira" ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe. Ndawamva mpaka kutopa nawo, ndipo kawirikawiri amachokera kwa munthu amene sanayang'ane n'komwe paipi yobweretsa madzi ku pampuyo.

Pali fakitale ina yomwe anandiitana kuti ndikaone pampu yovuta. Inali yatsopano, yoyamba ataichotsa ati ndi yabodza. Ukangolowa m'chipindamo umamva ikulira ngati ikupera miyala, pansi pakunjenjemera, madzi akudontha pa seal, chotchinga chomwe chimaletsa madzi kutuluka pa shafuti. Makaniko atatsegula tinapeza impeller, chitsulo chozungulira chomwe chimakankha madzi, itadyeka, timaenje ting'onoting'ono tili mbwee pachitsulo, ukapititsapo chala chikukala. Abwana anali atalemba kale kalata yogulira pampu yokulirapo. Ine ndinangotsatira paipi yokokera kuchokera kuthanki. Inali yopapatiza, mabendi anayi, sefa itatsekeka theka ndi zinyalala, ndipo bendi yomaliza anaimangirira pakamwa penipeni pa pampu. Pamalo otere palibe pampu yomwe ikanakhalitsa, kaya ndi yodula bwanji.

Nkhani yake ndi yakuti chomwe chimakankhira madzi kulowa mu pampu ndi kulemera kwa mpweya pamwamba pa madzi a muthanki yotsegula. Pamalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, mpweyawu umakupatsani presha yokwanira kukweza madzi mamita 10.3. Pamenepo muchotsepo mtunda womwe madzi akukwera kuti afike pa pampu, zomwe mwataya m'mabendi ndi m'sefa, komanso presha yomwe madziwo amayambira kusanduka nthunzi. Chotsalacho, presha yotsala pakamwa pa pampu, ndiye chimatchedwa NPSH yomwe muli nayo. Ikachepa kuposa yomwe pampu ikufuna, madzi amawira asanatenthe, timathovu ta nthunzi timapangika kenako n'kumaphwanyikira pachitsulo. Ndiyo cavitation imeneyo. Pamalo okwera mamita 1,000 mpweya umakupatsani pafupifupi 9.2 basi, ndipo madzi otentha madigiri 60 amakulandani mamita ena 2. Amene amangokopera pulani ya kwina saziona zimenezi.

Ndiye ine ndimakana ndithu mchitidwe wothamangira pampu yaikulu. Wojambula amaonjezerako pang'ono poopa kuchititsidwa manyazi, wounika naye aonjezere, wogulitsa n'kusankha ya saizi yotsatira. Mapeto ake madzi achuluka, ndiye wina amatseka valavu theka kuti achepe, fakitale n'kumalipira magetsi chaka ndi chaka ongothera pa valavupo. Choipa china, madzi akamathamanga kwambiri pampu imafuna NPSH yochuluka pomwe paipi ikukupatsani yochepa. Mankhwala aja asanduka matenda.

Za ofesi yogula zinthu ndisayambe n'komwe. Iwo amaona kuti paipi yaing'ono ndi yotchipa, osadziwa kuti pa madzi ochuluka mofanana, ukachepetsa kutakasuka kwa m'kati mwa paipi ndi theka, mphamvu yotayika m'njira imakwera pafupifupi ka 32. Paipi mumagula kamodzi, magetsi mumalipira mwezi uliwonse.

Palinso kugunda kuja kumene kumamveka m'mapaipi magetsi akazima mwadzidzidzi kapena wina akatseka valavu mofulumira. Katswiri wa ku Russia, Joukowsky, anafotokoza masamu ake kale mu 1898: mu paipi yachitsulo, kuimitsa mwadzidzidzi madzi othamanga mita 1 pa sekondi kumaonjezera presha pafupifupi 10 bar, kapena kuti ka 10 kulemera kwa mpweya kuja. Ngati madzi anu akuthamanga mamita 3 pa sekondi mu paipi yaitali, werengani nokha, kenako muone ngati ma flange anu, zolumikizira mapaipi za mabawuti zija, angapirire.

Tsono muunike chiyani?

Yambani kuthanki, muyende ndi chala papulani mpaka pa pampu. Paipi yokokera ikhale yaifupi ndi yotakasuka, madzi azithamanga pakati pa mita 1 ndi 1.5 pa sekondi, pomwe kotulutsira 2 mpaka 3 si vuto. Pasanafike pa pampu pakhale chigawo choongoka chotalika ka 5 mpaka ka 10 kutakasuka kwa m'kati mwa paipiyo. Reducer, cholumikizira paipi yaikulu ndi kamwa laling'ono la pampu, ikhale ya eccentric, yopendekera mbali imodzi yokha, mbali yake yoongoka ili pamwamba kuti mpweya usabisalemo. Kotulutsira, check valve, yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, iyambe kenako valavu yotsekera. Mapaipi akhale ndi zochirikiza zawo, pampu isasenze kulemera kwawo, apo ayi ma bearing satha chaka. Muonenso ngati makaniko adzatha kuchotsa pampu popanda kudula paipi, pakuti ojambula ambiri sanagwirepo sipanala.

Wogulitsa uja mum'pemphe curve ya pampuyo, mzere woonetsa presha yomwe imapereka pa kuchuluka kulikonse kwa madzi, muikepo curve ya presha yomwe mapaipi anu akufuna, muone ngati zikukumana pafupi ndi pamene pampu imagwira bwino koposa. Ngati papulani palibe geji ya presha mbali zonse ziwiri za pampu, ilembeni ndi cholembera chofiira musanasaine.